Ndidalandira wezulo ndisadaphunzire kuyimbira

Akonzi, ndiloleni ndiulule mlandu wanga pa tsamba lino, chifukwa ndausunga nthawi yaitali ndipo ndikuona anzanga ambiri m'sukulu za sekondale akuyenda njira yomwe ndidayenda ine. Ndine mphunzitsi wa masamu mumzinda wa Lilongwe. Loweruka lina m'mwezi wa Meyi, zaka zingapo zapitazo, ndidayimbira masewero a basketball a ana asukulu ndisadaphunzirepo ntchitoyo ngakhale kwa ola limodzi. Tsiku limenelo mnyamata wa Fomu 4 adathyoka mkono wakumanja ine ndili pomwepo, wezulo ali pakamwa, kutatsala masabata ochepa kuti ayambe kulemba mayeso a MSCE.

Sukulu yathu ili mbali ya ku Old Town, ndipo ana athu ambiri amachokera ku Kawale, ku Mchesi, ku Biwi ndi ku Chilinde. Sukulu ina ya kumayadi idatiitana kuti tikasewere nawo pa bwalo lawo. M'mawa wa tsikulo tidakumana pa depoti, anyamata khumi, mpira umodzi woperepeseka ndi nsapato zobwerekana, n'kukwera minibasi kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Ine ndidapita ngati mphunzitsi woperekeza ana basi. Wowaphunzitsa mpirawo adali mnyamata wina amene adamaliza Fomu 4 pasukulu pathu pomwepo ndipo ankangodzipereka. Titafika tidapeza bwalo la simenti losalala bwino, mizere yopakidwa penti yatsopano, makolo atakhala pa mipando ya pulasitiki ndi mabotolo a madzi ozizira. Chidasowa ndi chimodzi chokha, woyimbira. Amene adalonjeza kubwera sadaoneke, ndipo foni yake inkangoitana.

Titadikira pafupifupi ola lathunthu, mphunzitsi wa eni bwalo adandiyandikira atanyamula wezulo. "Achimwene, inu mwavala kale nsapato zamasewero, tatithandizani. Ndi masewero a ana awa, sikuti ndi ligi." Ndidaseka n'kulandira. Mumtima ndinkati palibe chovuta. Mpira wamiyendo ndidausewera kuyambira ndili wamng'ono, ntchemberembaye ndinkaonerera alongo anga akusewera, ndipo basketball ya ku America ndinkaiona pa kanema. Ndidaganiza kuti zitatuzi ndikaziphatikiza zikwanira. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine sindidafunse ngakhale kuti chigawo chimodzi chimatenga mphindi zingati.

Mphindi zoyambirira ndidaliza wezulo kwambiri, koma pa zinthu zosapweteka munthu. Pa mapondedwe maso anga adali a ntchemberembaye, choncho mwana akangogwira mpira akuthamanga n'kuponda kawiri, ndinkaimitsa masewero n'kunena kuti wayenda nawo. Anyamata a mbali zonse ziwiri ankandiyang'ana modabwa. Sindinkadziwa kuti bungwe loyendetsa basketball padziko lonse la FIBA lidasintha lamulo limeneli mu 2017: wosewera akalandira mpira akuthamanga, phazi limene lili pansi pamene akuugwira siliwerengedwa, ndipo amaloledwa kupondanso kawiri asadaponye. Pa nkhani ya kugundana maso anga adali a mpira wamiyendo. Ndikaona phewa likukankha phewa ndinkati ndi chamuna chimenecho, asewere. Ndikaona chigongono chalowa m'nthiti ndinkati zimachitika. Ana sachedwa kumudziwa woyimbira. Pofika chigawo chachiwiri onse adali atazindikira kuti bambo uyu amalanga phazi koma salanga chigongono, ndipo masewero adayamba kusanduka ndewu yopanda zibakera.

Padalinso china chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Kunja kwa bwalo kudali makolo olankhula Chingerezi chothamanga, otchula malamulo ndi mayina amene ine ndidali ndisadawamvepo. Akakuwa, dzanja langa linkaloza lokha kumene iwo akufuna. Pambuyo pake ndidadzadziwa kuti ena mwa malamulo amene ankakuwawo adali a NBA, ligi ya ku America, omwe amasiyana ndi a FIBA amene timatsata kuno. Kumeneko chigawo ndi mphindi 12 ndipo wosewera amatuluka akalakwa kasanu ndi kamodzi, pomwe kwathu kuno chigawo ndi mphindi 10 ndipo amatuluka akalakwa kasanu. Koma munthu wosadziwa lamulo alibe poima, amangotsatira mawu amene akumveka kwambiri. Kuonjezera apo, poti ndidali mphunzitsi wa timu ya alendo, ndinkaopa kuti anena kuti ndikukondera ana anga. Pofuna kuoneka wachilungamo, ndidayamba kukhala chete ana angawo akamagundidwa.

Mnyamata wathu wovala nambala 7 adali wopepuka thupi ndiponso wodziwa kudumpha. Katatu konse, iye ali m'malere kuti aponye mpira mumkombero, mnyamata wina wa eni bwalo adalowa pansi pake n'kumugunda miyendo. Koyamba ndi kachiwiri adatera mwamwayi, n'kutembenuka kundiyang'ana. Ine nthawi zonsezo maso adali pa mpira, kuona ngati walowa, ndipo kugundako ndinkangokuona ndi kumphepete kwa diso. Kachitatu, m'chigawo chachitatu, miyendo yake idapita m'mwamba, iye n'kugwa chagada, dzanja lakumanja litatsogola kuti atchinjirize mutu. Padamveka kuti thyo, ngati nthambi youma. Bwalo lonse lidangoti zii. Wezulo ndidamuliza mwanayo ali kale pansi.

Ngakhale pamenepo umbuli wanga sudathe. Wina adati timukoke dzanja kuti fupa libwerere m'malo mwake, wina adati timuimiritse ayende, ndipo ine amene ndimayenera kulamula ndidangoima kukamwa yasa. Mwamwayi mayi wina mwa makolo a kumayadi aja adali namwino. Adatikankhira kumbali, adamanga mkonowo ndi magazini yopinda komanso chitenje chake kuti usagwedezeke, n'kutitengera kuchipatala pa galimoto yake. Kumeneko adajambula, adapeza kuti fupa lathyoka pafupi ndi dzanja, ndipo adamuika chikhakha.

Madzulo mayi ake a mnyamatayo adafika kuchokera kumsika kumene amagulitsa kaunjika. Sadakalipe. Adayang'ana chikhakhacho kwa nthawi, n'kufunsa mwana wawo kuti mayeso alemba bwanji. Kenaka adatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, kodi pamasewero pakepo padalibe wamkulu woyang'anira?" Ndidayankha kuti, "Mayi, wamkulu wake ndidali ine." Adangogwedeza mutu n'kuyamba kumasula nsima imene adabweretsa. Akadandilalatira bwenzi zitandipepukira.

Sabata yotsatira anthu kusukulu ankanena za mnyamata wogunda uja, kuti ndi wankhanza, kuti makolo ake sadamulere bwino. Poyamba ndinkavomereza nawo chifukwa zinkandichotsera katundu. Koma nayenso adali mwana wa sekondale. Adachita koyamba, wamkulu wokhala ndi wezulo sadanene kanthu. Adachita kachiwiri, chimodzimodzi. Akadadziwa bwanji kuti n'zoletsedwa? Buku la malamulo la FIBA limanena poyera kuti wosewera amene wadumpha ali ndi ufulu wotera bwinobwino, ndipo kulowa pansi pake ali m'malere n'kumugunda nthawi zambiri kumatengedwa ngati mlandu waukulu wosemphana ndi khalidwe la masewero, moti pena wolakwayo amatulutsidwiratu m'bwalo. Ndikadaliza wezulo koyamba paja n'kumuchenjeza, ana awiri akadapulumuka, wina ku chikhakha, wina ku dzina loipa. Bukuli lili pa intaneti ndipo ndi laulere. Ine ndidaliwerenga mkono utathyoka kale.

Ndikuwerenga choncho ndidapeza kuti masewerowa adayambira pasukulu, m'manja mwa mphunzitsi. James Naismith adawayambitsa mu 1891 pasukulu ya YMCA ku Springfield m'dziko la America, pofuna masewero amene ophunzira angachite m'nyumba nthawi yachisanu popanda kuvulazana. Adalemba malamulo 13 okha, koma mwa ochepawo mudali kale loletsa kukankha, kugwira, kupinga mwendo ndi kumenya, ndiponso adaikamo ntchito ya anthu awiri oweruza masewero. Kuyambira tsiku loyamba, mwini wake adadziwa kuti basketball yopanda woyimbira wodziwa ntchito ndi ngozi.

Chaka chotsatira ndidamva kuti kukhala maphunziro a oyimbira ongoyamba kumene, ndipo ndidalembetsa ndi ndalama za m'thumba mwanga. Wotiphunzitsa adali bambo wina amene wayimbira ligi kwa zaka zambiri. Ndinkayembekezera kuloweza manambala, ndipo poti ndine wa masamu ndidati apa ndiye kwathu. Tidawalowezadi. Timu ili ndi masekondi 24 kuti iponye mpira kumkombero, masekondi 8 kuti iwolotse mpira mzere wapakati, masekondi 5 kuti ilowetse mpira kuchokera kunja, ndipo wosewera wa timu imene ili ndi mpira sakhala kupitirira masekondi atatu m'kabokosi ka pansi pa mkombero. Bwalo ndi mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, mkombero uli mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo mzere wa mapointi atatu uli mamita 6.75 kuchokera pamkombero, osati 6.25 monga zidalili chaka cha 2010 chisadafike. Koma manambalawa adatenga gawo lochepa la maphunzirowo. Nthawi yambiri idathera pa mafunso awiri: uime pati, ndipo uyang'ane chiyani.

Oyimbira akakhala awiri, wina amatsogola kukaima kunja kwa mzere wa kuseri kwa mkombero, wina amatsalira kumbuyo kwa osewera. Pa masewero akuluakulu amakhala atatu. Aliyense ali ndi dera lake, ndipo amasuntha kufunafuna mpata umene uli pakati pa wogwira mpira ndi womutchinga, chifukwa milandu yambiri imachitikira mumpata umenewo. Ukaima kumsana kwa wosewera, umangoganizira. Tidaphunzira kuti wosewera aliyense ali ndi malo ake kuchokera pamene waponda mpaka kumwamba, ngati kuti waima mumgolo, ndipo amene watuluka mumgolo wake n'kukagunda mnzake ndiye wolakwa. Tidaphunzira kuti wotchinga amakhala ataima mwalamulo ngati mapazi onse ali pansi ndipo wayang'anizana ndi wopikisana naye, choncho wogwira mpira akamugunda pachifuwa mlandu ndi wa wogwira mpirayo. Tidaphunzira kulankhula ndi manja: chibakera m'mwamba pa mlandu wa kugundana, chikhatho chotambasula pa kulakwa kwina monga kuyenda ndi mpira, kenaka kuonetsa nambala ya wolakwa kwa olemba pa tebulo. Bambo aja ankabwereza chinthu chimodzi mpaka tidatopa nacho. Mpira ukachoka m'manja mwa woponya, iwe woyang'anira dera limenelo usauthamangire ndi maso, khala ndi woponyayo kufikira mapazi ake onse atafika pansi. Atanena zimenezi koyamba ndidamva thukuta likutsika kumsana. Phunziro la mphindi zisanu limeneli ndi limene ndidalibe Loweruka lija.

Tidaphunziranso kuti ntchito ya woyimbira imayamba mpira usadaponyedwe m'mwamba. Ayenera kukhala pa bwalo mphindi 20 masewero asadayambe, kuyendera bwalo ndi zipangizo, kuonetsetsa kuti palibe wovala mphete, ndolo kapena mkanda, ndiponso kuti zikhadabo ndi zowengedwa. Malamulo amafuna kuti pakhale mpata wa mamita awiri kuzungulira bwalo wopanda mpando kapena chopinga china. Mwana akayamba kutuluka magazi amayenera kutuluka mpaka bala litamangidwa. Zimenezi zimaoneka zazing'ono ukakhala m'holo yamakono, koma mabwalo ambiri a m'sukulu zathu ndi a simenti, ena ong'aluka, ena odzaza mchenga, ndipo mtengo wachitsulo wonyamula mkombero umakhala wopanda chofewa chilichonse chouzinga. Pa bwalo lotere kugwa kumodzi ndi nkhani ya kuchipatala. Woyimbira wa masewero a sukulu ayenera kukhala wosamala kuposa wa ligi, chifukwa bwalo lake ndi loopsa kwambiri ndipo osewera ake sadaphunzire kugwa.

Anzathu kunja amaitenga ntchitoyi ngati ntchito. Kuyambira mu 2017 FIBA imapereka malayisensi a mitundu itatu kwa oyimbira masewero a pakati pa mayiko, akuda, obiriwira ndi oyera, ndipo amatha pakapita zaka ziwiri. Wofuna kupitiriza amalembanso mayeso a malamulo, amapimidwa ndi dokotala, ndiponso amathamanga mtunda wa mamita 20 chopita ndi chobwera motsatira kulira kwa belu limene limanka lifulumira, abambo maulendo 86, amayi 66. Ku America, kumene masewero a m'sukulu za sekondale ali ndi malamulo awoawo olembedwa ndi bungwe la NFHS, m'zigawo zambiri munthu sayimbira masewero a sukulu asadalembetse ku bungwe la m'chigawo chake, kukhoza mayeso a malamulo ndi kupita ku msonkhano wokumbutsana malamulo chaka ndi chaka. Zigawo zambiri zimafufuzanso mbiri yake, poti akupita kukagwira ntchito pakati pa ana. Sindikunena kuti titengere zonsezi mmene zilili. Ndikungoonetsa kuti kumene masewerowa adakula, palibe amene amati "ndi masewero a ana awa" ngati chifukwa chopatsira wezulo munthu aliyense wovala nsapato zamasewero.

Tisaiwalenso a pa tebulo. Masewero athunthu amafuna wolemba mapointi ndi milandu, womuthandiza, wosunga nthawi ndi wowerenga masekondi 24. M'sukulu zathu ntchito zonsezi timapatsa mwana mmodzi wa Fomu 1 amene wasowa chochita, ndi foni yobwereka komanso pepala long'amba m'kope. Mikangano yambiri imene ndaona sidayambire pa wezulo, idayambira pa pepala limenelo. Ngakhale akatswiri adapsapo nazo. Pa masewero a Olympics a mu 1972 ku Munich, mu ndime yomaliza ya pakati pa America ndi Soviet Union, chisokonezo cha wotchi ndi tebulo chidachititsa kuti masekondi atatu omaliza aseweredwe katatu. Soviet Union idapambana 51 kwa 50, ndipo osewera a America adakana kulandira mendulo zawo zasiliva. Ngati masekondi atatu adasokoneza akuluakulu otere, nanga mwana wa Fomu 1 amene sitidamuuze kanthu?

Basketball ikukula mu Lilongwe muno, ndipo aliyense amene adapitako ku ABC Blue Gym ku Area 47 pa masewero a ligi ya m'chigawo chapakati ya CEZOBAL angavomereze. Timu ya Bravehearts yaimirirapo dziko lino pa mipikisano ya kunja. Mu Disembala 2022 mzinda uno udalandira masewero a achinyamata a Region 5, ndipo tili ndi Griffin Saenda Indoor Sports Complex pafupi ndi Bingu National Stadium. Ana akuona zonsezi ndipo akufuna kusewera. Koma osewera a m'ligi aja amachokera m'mabwalo a simenti a m'sukulu, ndipo kumeneko ndi kumene wezulo amaperekedwa kwa aliyense amene wapezeka. Mwana amene wakula akuyimbiridwa molakwika amafika ku ligi ndi zizolowezi zimene zimatenga zaka kuti zichoke, ngati wafikako n'komwe ndi mafupa onse.

Choncho pempho langa likupita kwa a Basketball Association of Malawi, a Malawi Schools Sports Association ndi aphunzitsi akuluakulu a sukulu zathu, amene ndikudziwa kuti akugwira ntchito yaikulu ndi zochepa. Tigwirizane pa muyeso wochepetsetsa umene munthu ayenera kufikapo asadayimbire masewero a pakati pa sukulu ziwiri. Aphunzire kwa masiku angapo, theka m'kalasi, theka pa bwalo. Alembe mayeso a malamulo. Ayimbire masewero angapo ali pambali pa woyimbira wodziwa amene angamuuze pamene walakwitsa, chifukwa kuima pamalo oyenera sikuphunziridwa pa bolodi. Aphunzire chithandizo choyamba, makamaka chochita mwana akathyoka kapena akamenyetsa mutu. Alandire kakhadi kokhala ndi tsiku lothera, kuti azibwerera kudzamva zasintha, poti FIBA imasintha malamulo pafupipafupi ndipo osinthidwawo kawirikawiri amayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala. Pa masewero a mpikisano pakhale oyimbira awiri, ndipo asachokere ku sukulu zimene zikuseweredwazo. Ndikupemphanso kuti malamulo ofunika kwambiri alembedwe m'Chichewa pa masamba awiri kapena atatu n'kumatidwa pa bolodi la sukulu iliyonse, kuti mwana wa ku Mchesi adziwe ufulu wake pa bwalo mofanana ndi mwana wa ku Area 10, ndiponso kuti lamulo lisakhale la amene amalankhula Chingerezi mokweza.

Ndikudziwa zimene anzanga ayankhe, chifukwa adandiyankha kale mu ofesi ya aphunzitsi. Akuti ndalama zichokera kuti, pomwe sukulu zikusowa choko. Akutinso tikaumirira za makhadi ndiye kuti masewero ambiri sachitika n'komwe, ndipo ana azingokhala m'makwalala. Mfundo yachiwiriyi ndi yolemera ndipo sindikuinyoza. Masewero olephereka nawonso amapweteka ana. Koma oyimbira sitikuwasowa chifukwa choti anthu kulibe. M'tauni muno muli anyamata ndi atsikana ambiri amene adasewerapo kusekondale ndipo pano akungokhala, muli osewera a ligi amene maondo adatopa, muli aphunzitsi ngati ine amene Loweruka amakhala pa bwalo kale. Ana a Fomu 3 angaphunzire ntchito ya pa tebulo masana amodzi. Atsikana makamaka tiwakope, chifukwa timu za atsikana zilipo koma wezulo nthawi zambiri amakhala m'manja mwa abambo. Chimene chikufunika ndi kalasi, bwalo, wophunzitsa mmodzi kapena awiri ndi ndalama ya minibasi. Pa ndalama ya minibasiyi tisachitepo chibwana. Sukulu imene yakwanitsa kugula yunifolomu ndi zakumwa za alendo isauze woyimbira kuti Mulungu akudalitseni basi, chifukwa sabata yamawa foni yake idzangoitana ngati ya uja adatikhumudwitsa ife. Ndipo tikawerengera mtengo wa maphunziro, tiziwerengeranso mtengo wa chikhakha, wa masiku amene mayi wa kaunjika adatseka benchi lake, ndi wa mayeso olembedwa ndi dzanja lopweteka.

Pamene muyeso woterewu sudakhazikitsidwe, pali zimene aliyense wa ife angachite Loweruka likubwerali. Mphunzitsi mnzanga, akakupatsa wezulo ndipo ukudziwa kuti sudaphunzire, nena poyera pamaso pa matimu onse awiri. Ngati masewero akuyenera kuchitikabe, gwirizanani kuti ndi ongocheza, ndipo iwe teteza kaye matupi a ana: liza pa kukankha, pa chigongono ndi pa kulowa pansi pa wodumpha, ngakhale zina zikudutse. Kholo, ukamasainira mwana kalata yopita ku masewero, funsa kuti woyimbira ndani. Funso limene mayi aja adandifunsa kuchipatala likadafunsidwa m'mawa pa depoti, mwina ndikadachita manyazi kulandira wezulo.

Mnyamata wa nambala 7 uja mayeso adalemba, chikhakha atangochotsa kumene, dzanja likutopa msanga. Ku basketball sadabwererenso. Chaka chatha ndidakumana naye ku Old Town, cha ku Malangalanga, ndipo adandipatsa moni waulemu ngati kale. Titacheza pang'ono ndidalimba mtima n'kumupepesa, chinthu chimene ndidalephera kuchita ali mwana wasukulu. Adamwetulira n'kunena kuti zidapita. Kenaka adaonjezera kuti, "Koma aphunzitsi, ndidakuyang'anani kawiri." Ndidamuuza kuti ndikukumbukira.

Masiku ano ndimayimbirabe masewero a sukulu ndikapeza mpata, ndipo ndimalakwitsabe, koma ndimadziwa poima ndi poyang'ana. Mwezi watha mwana wina adalowa pansi pa mnzake m'mphindi yoyamba yeniyeni. Ndidaliza, ndidapereka chilango, n'kumuitanira pambali kumufotokozera chifukwa chake. Bambo wina kunja kwa bwalo adakuwa kuti ndikuononga masewero a ana. Ndidamusiya akuwe. Masewero atatha ana onse adakwera minibasi ndi manja awo onse awiri, ndipo Lolemba adali m'kalasi akulemba.